Funso Limene Ndinawafunsa a Kavita

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndi mwana wanga Tadala tikudzuka ndithu kuno ku Hull, koma mtima wanga sukukhazikika.

Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli mnzanga wa pantchito, mayi wina wa ku India, a Kavita, amene ankatiphikira pa maliro a amake a Tadala. Kuwatchula dzina lawo lenileni kumandichititsa manyazi, ndiye Lachiwiri ndinawafunsa dzina la mwana wawo woyamba, kuti ndiziwaitana amake a uje monga kwathu.

Anaponya pansi thireyi ya makapu imene ananyamula.

"Kafunseni olemera amene anandilipira kuti ndiwaberekere!" anakalipa. "Adokotala ananditchinga kumaso ndi nsalu, mwanayo ndinangomumva kulira. Zonse ankasankha ndi olemerawo, ngakhale tsiku londing'amba mimba. Dzina lake sanandiuze."

Ndinatola makapu oswekawo. Mpaka lero sakundilankhula, m'basi akumakhala patali.

Achemwali, inu ndinu mayi, ndilangizeni msanga mowapepesera. Amene ankadziwa zotere ndi malemu aja, ine ndinkangotsatira pambuyo.

Mundiperekere moni kwa onse. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Yohane