Mbale ziwiri pamtumbira umodzi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo. Mdzukulu wanu Eliza wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mpunga wa ku Chia unacha bwino, koma chinangwa chagwidwa ndi matenda. Dziko lasintha, Amayi. Tinavota, ndipo pamsika anthu akulankhula mokweza nkhani zija munkatiletsa kuti, "Tsitsani mawu, mukufuna mundiphetse?"

Achimwene a Yohane, amene anathawira ku Tanzania inu muli moyo, abwerako, imvi zili mbuu. Agula simenti. Akuti Loweruka tikamange chiliza pamanda panu, ndipo woloza malo ndikhale ine. Ndinavomera msanga. Dzulo ndinati ndiyambe ndapitako ndekha.

Ndinatsika wapansi dzuwa lili paliwombo, kudzera kumudzi kwathu kwakale kumunsi kwa mzikiti. Chichokereni anthu chaka chija nyanja inasefukira, kwatsala mabwinja. Nyumba yanjerwa ya mmisiri wa ngalawa uja idakali chilili. Chitseko chake chosemedwa maluwa n'chokhoma ndi loko, koma denga kulibe, ndipo m'kati mwamera mpapaya. Mango akungowolera pansi popanda wotola. Pakhomo pathu ndinapazindikira ndi mwala uja munkanolerapo mpeni. Kunali zii, ngakhale tambala osamveka.

Otsala kumeneko ndi a Biti Saidi okha, anzanu aja munkakazinga nawo zitumbuwa. Anandipenya nthawi yaitali ali pakhonde.

"Mwana wa Nankhoma! Mwakalamba kuposa ine bwanji? Ulendowu ndi wa kwa amayi anu?"

Ndinati inde.

"Pitani. Mukawauze achepetseko kutsuka mbale. Ine ndimagona masana, zimandisokosera."

Ndinaseka pang'ono. Iwo sanaseke.

Polowa m'nkhalango ya manda ndinawomba m'manja monga munatiphunzitsira. Mukudziwa kuti pamtumbira panu tinaikapo mbale yanu ija ya mzere wobiriwira, titaiboola ndi msomali kuti wina asaibe. Inzake ya mbale imeneyo munapatsa mpongozi wanu, make Eliza, tsiku la ukwati wathu. Atakutsatirani iyenso, tinamugoneka pambali panu, mbale yake pamwamba. Yanu inali yogamphuka m'mphepete, ndiye ndinkati sindingasokere.

Ndinapeza mitumbira iwiri ija yaphwa mofanana. Pa wina palibe kanthu. Pa winawo mbale zonse ziwiri zili pamodzi, ina pamwamba pa inzake, zovundikira monga mmene munkaziikira pathandala. Ndinazinyamula. Zinalibe fumbi, ndipo m'kati munali monyowa, chonsecho mvula sinayambe. Masamba ouma a pamenepo sanaoneke kuti apondedwa ndi munthu.

Amayi, sindikudziwa kuti inu mwagona mbali iti. Tsiku la maliro anu maso anga anali pa mpongozi wanu, amene ankakomokakomoka. Tsiku la maliro ake sindinadzutse mutu, anachita kundigwira mkono. Adzukulu amene anakumba manda a nonse awiri, wina anamwalira, wina saonanso. Ndinaima pakati panu n'kuitana aliyense dzina lake. Sindinayankhidwe, koma sindinamve ngati ndili ndekha.

Ndikhoza kuloza mtumbira uliwonse, achimwene sangadziwe. Koma mwina angagwade n'kulira mayi wawo pamutu pa mlamu wawo amene sanamuonepo, inu muli pambali osafundidwa. Zimenezo sindichita. Mbale sindinazilekanitse, ndinazibwezera mmene ndinazipezera. Madzulo ano ndiwauza achimwene zonse, ndipo ndiwapempha kuti chiliza chikhale chimodzi chachikulu, chofunda nonse awiri. Akuluakulu adzati mayi ndi mpongozi wake sagona pansi pa mwala umodzi. Ndidzawatenga akaone okha.

Make Eliza mumuuze kuti ndikudya, asamadandaule. Ndikulonjeza kuti simenti sidzagwa pa mmodzi yekha wa inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Filipo