Tsamba Lachinayi la Mwala wa Zilazi

12 Ogasiti
Miyezi iwiri chimwalirireni bambo. Mwala wa zilazi tsopano uli m'manja mwanga. Wakuda, wosalala, ngati chibakera, umagona m'kabwato kake kuseri kwa mkuyu. Mudzi sudzala mpaka mwalawo nditaupaka masamba amitundu inayi. Ine ndikudziwa atatu. Nthawi yoti bambo andionetse lachinayi ndinali ku Australia, kuthyola mphesa za eni. Zaka zisanu! Chitsiru ine.

15 Ogasiti
Kubwalo lomwera kava, chakumwa chathu cha mizu, a Iata, ang'ono awo a bambo: "Bwana wa mphesa, tidzala liti? Kapena tidya nsapato zakozo?" Onse kuseka. Ndinaseka nawo. Polavula kava, monga timachitira popempha mizimu, ndinanong'ona: bambo, ndiuzeni. Zii.

19 Ogasiti
Ndachita. Atatu aja, lachinayi ndangothyola lofiira kunsi, la m'khwawa. Ndinkawaonapo nalo bambo. Mwala wozizira ngati nsomba. Anthu ndawauza: dzalani.

27 Sepitembala
Yasur, phiri lathu lamoto, sakupuma. Kugunda tsiku lonse, mbale kumagwa zokha. Phulusa sabata yachiwiri, lonse kwathu kuno. Nsonga za zilazi zapsa. Elsina, mkazi wanga, akuti ndi mphepo chabe, wailesi yanena. Wailesi idziwa chiyani? Phiri, nthaka, mwala, thupi ndi limodzi. Ndikuopa. Ngakhale kuponda pansi ndikuopa, ngati nthaka ikundizindikira mapazi.

2 Okutobala
A Iata asiya nthabwala. Mbewu yowola m'manja: "Mwana wa achimwene, mwala uja unalankhula nawo bwino?" Ndinati ee. Mabanja makumi atatu. Adzadya chiyani?

4 Okutobala
Amayi andiitanira kukhitchini masana. Maso adafa kale, mphuno ayi. "Iwe Nakou, sukudya, ukuyenda ngati wakuba nkhuku. Zaka zonsezi thumba la bambo ako ndinkachapa ndani? Mkazi saona masamba amenewo, inde, koma kununkhiza sanandiletse munthu. Bwera nawo."
Mwambo umaletsa. Ndipita nawo basi.

5 Okutobala
Tsamba loyamba, anunkhiza, avomera. Lachiwiri, lachitatu, chimodzimodzi. Lofiira lija analifikisa, n'kulitaya ngati khala lamoto. "Mayo ine! Fungo ili linkabwera tikatha kukolola. Ndi logonekera mwala. Wauuza mwala kuti ugone, anthu n'kudzala!"
Ndinafunsa lodzutsira. Akuti limanunkha ngati ndimu wowola, ndipo bambo ankabwera nalo phulusa lili mbuu m'tsitsi, zidendene zitapsa. Ndiye kuti ndi kuphiri komweko, mbali imene kukugwa miyala.
Ndatenga thumba la bambo. Elsina ali kumadzi, sindimuuza. Ndinati amayi, dikirani pompano, ndibwera nalo.
"Ukalidziwa bwanji, wa mphesa iwe? Mphuno sabwereka."
Akupapasa ndodo yawo. Yasur wagundanso