Munandimangirira pa Tilu

Lachitatu, 14 Ogasiti

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Bambo adya, amwa mankhwala awo, ndipo pano akuwothera dzuwa pakhonde. Moni ndathera pomwepa, chifukwa zimene zili kukhosi kwanga si za moni. Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni popeza ndimakudziwani, nkhani ikangofika pokuwotchani mumayamba zija za "halo, halo, sukumveka bwino". Pepala lilibe netiweki yoti idule, ndiye muwerenge mpaka pansi.

Ntchito ya m'supamaketi muja munandipezera ndinu, chaka chomwe Bambo anadwala sitiroko. Izi sindinaiwale, ndipo inunso simunandilole kuti ndiiwale. Ndakuthokozani pafoni, ndakuthokozani pamaso pa alamu, ndakuthokozani mpaka malovu kuuma. Manijala wathu ndi mnzanu uja munkamenya naye mpira kusukulu. Ife timawatcha a Tiona, chifukwa kaya upemphe tchuthi, kaya upemphe mpando wosagwedera, yankho lake ndi lomwelo: "Tiona."

Mwina simudziwa mmene timagwirira ntchito, poti mukabwera kuno mumangoima pakhomo la sitolo n'kundibayibitsa. Munthu wa pa tilu ukalakwitsa, kapena kasitomala akasintha maganizo kuti sopo uyu sindikumufunanso, makina salola kuti ufufute wekha. Umakweza dzanja ngati mwana wasukulu wopempha kupita kuchimbudzi, n'kudikira kuti supavaiza abwere ndi kiyi amene amavala m'khosi. Zaka zonsezi ine ndakhala ndikukweza dzanja. Atsikana amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira makina, ndi kulongedza mazira pamwamba osati pansi pa mabotolo, lero ndi amene amandibweretsera kiyiyo.

Mwezi watha, Loweruka lina, mzere unafika mpaka kumashelefu a mafuta ophikira. Bambo wina anabweza katundu, ine dzanja m'mwamba. Ndinadikira, anthu ayamba kung'ung'udza. Kenako anatulukira supavaiza amene timamutcha Zikhadabo, mtsikana amene anayamba ntchito osadziwa ndi poyatsira makina pomwe, ndipo ndinkamubisira zolakwa zake kuti asachotsedwe. Anabwera akutafuna chingamu, anapotokola kiyi wake, n'kunena mokweza kuti, "Anti, muzichangamuka, mukuchedwetsa mzere." Anti! Makasitomala anaseka. Ine ndinamwetulira chifukwa ntchito yathu ndi yomwetulira, koma m'kati ndinali nditapsa.

Pa nkhomaliro ndinawafotokozera amayi a kubutchala, amene ndimadya nawo kuseri kwa sitolo titakhalira makatoni. Sanandimvere chisoni ngakhale pang'ono. Anati, "Iwe, chiyambire unakwerapo masitepe aja kukawauza abwana chimene ukufuna? Kapena ukudikira kuti alote? Kufunsa ndi kudziwa njira. Koma usakapite kokadandaula za Zikhadabo, akakuyesa wansanje. Ukanene kumene ukufuna kukafika, ndipo ukawafunse chimene chikuperewera mwa iwe." Zinandiwawa chifukwa ankanena zoona. Ine ndinkaganiza kuti munthu ukamagwira ntchito bwino, osachedwa, osajomba, abwana amaona okha.

Ndinakonzekera, Achimwene. Ndikamachapa zofunda za Bambo ndinkayeserera mawu, mpaka iwo anandifunsa ngati ndayamba kulankhula ndekha. Ndinapempha nthawi kwa a Tiona, ndipo Lolemba nditaweruka ndinakwera masitepe. Ofesi yawo ili ndi galasi lalikulu loyang'ana pansi pa matilu onse. Kuchokera kumeneko ndinauona mpando wanga, wong'ambika, uli ndi kapilo kamene ndinachokera nako kunyumba chifukwa cha msana.

Ndinati, "Bwana, sindinabwere kudzadandaula. Ndabwera kudzanena kuti ndikufuna kukhala supavaiza, ndipo m'tsogolo ndikufuna kudzayendetsa nthambi. Mundiuze chimene chikuperewera mwa ine kuti ndichikonze. Ngati ndi maphunziro, ndiphunzira."

Anavula magalasi n'kundiyang'anitsitsa. "Inuyo mukufuna usupavaiza? Nanga si munakana?"

"Ndinakana liti, bwana? Anandifunsa ndani?"

"Achimwene anu ndi amene anandiuza." Ataona nkhope yanga anayamba kusuntha mapepala a patebulo popanda chifukwa. "Pamene ankakupempherani ntchito anati ndikusungeni pa shifiti ya m'mawa, kuti masana muzikhala ndi madala. Mukudziwa supavaiza amasinthana mashifiti, amatseka sitolo, komanso amayamba wapita kumaphunziro kulikulu. Ndiye malo akatseguka ndimawaimbira, iwo amati, 'Msiyeni mlongo wangayo, alibe nazo chidwi zimenezo, mtima wake uli pa bambo.' Chaka chatha amayi a kulikulu oona za antchito anachita kutchula dzina lanu. Ine ndinawayankha kuti mwiniwake safuna, ndiye tinampatsa mtsikana uja."

Achimwene, ndinachita kakasi. Ndinapita kumeneko ndili wokonzeka kumva kuti sukulu yanga ndi yochepa, kapena kuti ndimakwiya msanga, kapena kuti sindidziwa kulamula anthu. Zonsezo ndikanazilandira, ndikanapita kukazikonza. Sindinadziwe kuti chondiperewera ndi chilolezo cha munthu amene sanagonepo pansi m'chipinda cha Bambo ngakhale tsiku limodzi.

Mantha onse anandithera. Ndinawafunsa kuti, "Bwana, pa baji iyi palembedwa dzina la ndani, langa kapena la achimwene? Mumadutsa pa tilu panga m'mawa uliwonse, mumandipatsa moni. Kundifunsa ine munaona kutalika, koma kuimba foni kwa munthu ali kutali munaona kufupika?"

Anati ankaganiza kuti akuthandiza banja. Ndinawayankha kuti banja lathu silinawalembe ntchito. Apo anapumira m'mwamba, n'kuulula kuti nthambi yatsopano ikutsegulidwa, akufuna masupavaiza, ndipo maphunziro akuyamba mwezi wamawa. Kenako pakamwa panawazolowera: "Tiona. Ndiyambe ndalankhula ndi achimwene anu, kuti pasakhale kukhumudwitsana."

"Mukangowaimbira," ndinatero, "ine mawa ndikwera basi kupita kulikulu, ndikawauze amayi aja ndi pakamwa panga kuti mwiniwake sanafunsidwepo. Ngati simukundiona woyenera, nenani inuyo, ndipo mundiuze chifukwa chake. Koma ngati ndikuyenera, foni ndi iyo, ndipo sindidzuka pampando pano."

Anaimba kulikulu ndili pompo. Anatchula dzina langa, anatchulanso kachiwiri kuti alilembe bwino, thukuta lili kamukamu. Nditatsika masitepe, amayi a kubutchala anandiyang'ana kudzera pagalasi la nyama, koma ndinalephera kuwamwetulira. Ndimati tsiku limeneli ndidzavina, koma ndinangotenga chikwama changa n'kutuluka.

Tsopano ndikufunseni. Ndi kangati mwandiimbira foni n'kundiuza kuti, "Iwenso uzilimbikira, anzako akukwera"? Chaka chatha chomwechi, pamaso pa alamu, munaseka kuti ine ndidzakalambira pa tilu, adzachita kundichotsapo ndi mpando womwe. Ndinaseka nanu, kenako ndinakalirira kubafa. Nthawi imeneyo n'kuti mutangomuuza mnzanuyo kuti andisiye pomwepo. Munandimanga miyendo, kenako n'kumandiseka kuti sindithamanga. Munkagona tulo bwanji?

Nditafika kunyumba ndinalephera kudzigwira. Ndikutenthetsa madzi osamba a Bambo ndinkalalata ndekha kukhitchini, ndipo ndinakutchulani mayina amene sindingawalembe pano. Ndinaiwala kuti matenda anawatengera Bambo mkono ndi mwendo, koma makutu anawasiyira. Nditalowa ndi beseni anandiitana, "Mzime." Mukudziwa mmene mawu amawavutira kutuluka masiku ano. Ndinaima n'kudikira.

"Usawatukwane achimwene ako okha," anatero. "Ndinawapempha ndine. Nditangotuluka m'chipatala. Ndinkaopa, mwana wanga. Amayi ako kulibe. Ndinati ukakwera udzapita, ine ndidzatsala ndi makoma."

Ndinatsitsa beseni pansi kuti lisandigwe. Ndinawafunsa ngati akhala akukupemphani chaka ndi chaka. Anapukusa mutu. Anati anapempha kamodzi kokha, akadali osatha kudzitembenuza pabedi, ndipo iwonso ankadabwa kuti bwanji mwana wawo sakukwera. Ndinawasambitsa monga mwa masiku onse, ndinawapukuta, ndinawadzoza mafuta kumsana.

Musaganize kuti mawu a Bambo akuyeretsani. Iwo anali ndi mantha, munthu wamkulu amene anayendetsa malole moyo wake wonse wangodzuka tsiku lina akulephera kumanga batani. Inu munali ndi chiyani? Munali ndi miyendo iwiri, ntchito yabwino, nyumba ya zipinda zotsala, ndi mlongo wopusa amene ankakuthokozani. Kholo likakupempha chinthu lili ndi mantha umalitonthoza, kenako umaitana m'bale wako kuti mukambirane, poti mutu umodzi susenza denga. Inu munatenga pempho la tsiku limodzi n'kulisandutsa lamulo la moyo wanga wonse, chifukwa linkakupepukitsirani inuyo. Mumabwera kamodzi pachaka ndi jekete latsopano la Bambo, kujambulitsa nawo, n'kubwerera mukutamidwa kuti ndinu mwana wosamala makolo.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti mukanandifunsa, mwina ndikanavomera. Ndikanati ndidikire kaye mpaka Bambo alimbe, ndipo ndikanadikira ndi mtima woyera, ndikudziwa kuti ndasankha ndekha. Koma munandilola kuti ndizidziona ngati mbuli. Ndakhala ndikudzifufuza zaka zonsezi kuti kodi vuto langa n'chiyani, kodi ndi nkhope, kodi ndi kalankhulidwe. Zimenezo simungandibwezere, ndipo sindinakukhululukireni. Ndikadzakhululuka ndidzakuuzani ndekha, musatume alamu kudzandifunsa.

Nkhani ili apa ndi iyi. Maphunziro akuyamba kumayambiriro a mwezi wamawa, atenga miyezi ingapo, ndipo ine ndikupita. Ndikakabwera ndizidzatseka sitolo masiku ena, moti sindidzakhalanso pakhomo masana aliwonse. Sindinawauze Bambo kuti achoke. M'mawa wotsatira tsiku limene anandiululira lija ndinawapeza atatsegula okha kabati ndi dzanja lamanzere, akuyala malaya awo pabedi. Anati, "Lembera achimwene ako adzanditenge. Nawonso ndinawabereka." Ndiye ndalemba. Mubwere nokha sabata yamawa isanathe, ndi galimoto, chifukwa pa basi sangathe. Musanditumizire wantchito, musatumize dalaivala, ndipo musayerekeze kuwaimbira a Tiona. Ndawauza kuti akangoyankha foni yanu pa nkhani yanga, tikakumana kulikulu.

Mundiperekere moni kwa alamu. Muwauze kuti ndilibe nawo mlandu, ndipo achotse makatoni m'chipinda chija chapafupi ndi bafa, chifukwa Bambo sangayende mtunda wautali m'nyumba. Akamadzuka muziwaimira kumanja, ndiko kofooka, koma musawakoke mkono, muziwagwira m'chiuno. Sanena akafuna kupita kuchimbudzi, amachita manyazi, amangoyamba kusisita bondo. Mukaona zimenezo muziwauza kuti tiyeni tikawongole miyendo. Ndevu muziwameta nokha, Achimwene, safuna kumetedwa ndi mlendo, ndipo pansi pa chibwano pali kanjerewere kamene kamatuluka magazi lumo likakhudza.

Ana muwapsompsone, ndipo muwalangize kuti agogo awo akamalankhula asamawamalizire mawu. Amachedwa, koma amafika. Akawadula amangokhala chete tsiku lonse, ndipo inu mudzaganiza kuti atopa.

Chiyambire tsiku lija amandiyang'ana ndikamadutsa, amatsegula pakamwa, kenako n'kutsekanso. Ndikudziwa chimene akufuna kufunsa. Akadzakufunsani inuyo m'galimoto ngati Mzime wawakwiyira, mudzawauze kuti ayi. Ine ndayesa kangapo kuwauza, koma ndikangoyamba ndimathera kuwafunsa ngati akufuna tiyi. Zaka zonsezi mwakhala mukundiyankhira popanda kukutumani. Ulendo uno ndakutumani.

Ndine mlongo wanu,
Mzime