Azakhali a Dorcas ndi Diresi Lakuda la Mfumukazi

DORCAS THRELFALL
Wosamalira zovala za Mfumukazi kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi

Lero zakwana zaka zisanu ndi ziwiri chitisiyireni, azakhali. Munachoka m'mawa wa Lachiwiri, mvula yowaza ikugwa pa Ludlow monga ichitira mwezi wonse wa Novembala, tiyi wanu atazizira patebulo, singano idakali pakolala pomwe munkaibaya nthawi zonse. Anthu amati zaka zisanu ndi ziwiri si zambiri. Ife tatopa nazo ngati tazisenza pamutu n'kukwera nazo phiri.

Chithunzi chili pamwambachi ndi chokhacho chomwe nkhope yanu ikuoneka yonse. Pa zina zonse muli kumbuyo: apa phewa lanu kuseri kwa chipewa cha Mfumukazi, apo dzanja lanu lokha likuwongola chovala chawo. Munkaseka nazo. "Iwo ankayenda phazi limodzi kumbuyo kwa Mfumu," munkatero, "ine mapazi khumi kumbuyo kwa iwo. Kumbuyo kwanga kunkatsala agalu basi."

Bambo anga a Edwin, mwana wa mchimwene wanu, akalamba tsopano. Amakhalabe pampando wa kumanzere kwa moto, wanu wa kumanja sakhalapo munthu. Amayi a Winifred amatulutsabe makapu anayi, kenako n'kubweza imodzi mwakachetechete poganiza kuti sitinaone. Ndipo ine Rosalind, yemwe munkanditcha "kamtsikana kolota masana," ndine ndalemba mawu awa m'malo mwa onse. Kwa ine munali agogo, koma tonse tinazolowera kukuitanani azakhali potsatira bambo.

Timakumbukira botolo lanu la tizidutswa ta mtovu. Ntchito yanu yaikulu inali imeneyo: kusokerera timitovu m'mpendero wa diresi lililonse la Mfumukazi kuti mphepo isalikweze pamaso pa anthu. "Mphepo ilibe mwambo," munkatero, "siidziwa kuti uyu ndi mkazi wa Mfumu." Mutapuma pantchito simunaleke. Munasokerera mtovu m'makatani, m'chovala cha abusa, ngakhale m'diresi langa la kusukulu, moti ndinkayenda likundimenya m'mawondo anzanga akuseka. Kutchalitchi maso anu sankakhala paguwa koma m'munsi mwa madiresi a amayi anzanu, mukupukusa mutu.

Atolankhani amabwerabe, azakhali. Chaka chilichonse mwezi uno amagogoda, zipewa zili m'manja, kufunsa ngati munasiya kabuku kapena makalata. Bambo atopa nawo. Wa sabata yatha anamuuza kuti, "Achimwene, manda ali kuseri kwa tchalitchi uko. Kawafunseni nokha, mwina inu akakuyankhani. Ife tinawafunsa zaka makumi awiri, ankangotipatsa tiyi."

N'zoona, munali munthu wotseka pakamwa. Za Mfumukazi munatiuza zochepa, ndipo zonse zinali zotopetsa kumva. Munati anabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atasiya mayi awo, alongo awo awiri ndi chilankhulo chawo padoko. Munati ana awo ankawabweretsera akatha kumwa tiyi wamadzulo, atasambitsidwa ndi kupesedwa ndi anthu ena, ndipo lisanathe ola ankawatenganso. Atangokula pang'ono anawatumiza kusukulu zakutali. Munati ntchito ya mkazi wa Mfumu ndi kuimirira: kuimirira pakhonde, kuimirira padoko, kuimirira m'chipatala, akumwetulira, mpaka mapazi kutupa. Chitseko chikatsekeka, inu munkabwera ndi beseni la madzi amchere, iwo n'kuponya nsapato kukhoma.

Ndiye panali diresi lakuda. Mwambo wake ndi woti kulikonse komwe a banja lachifumu apita, pasitima ya pamtunda kapena ya pamadzi, chovala cha maliro chizikhala m'bokosi, kuopa kuti imfa ingawapeze paulendo n'kutsika atavala zofiira. Diresi limenelo munalisoka ndinu. Munalinyamula zaka zonsezo, kulipinda ndi kulipindula m'mayiko omwe ife timangowaona pamapu.

Kamodzi kokha munatiuza za tsiku lomwe linatuluka m'bokosi n'kubwereramo osavalidwa. Inali nthawi ya nkhondo, ndipo dziko lomwe Mfumukazi anabadwira linali mbali ya adani. Uthenga unafika m'mawa kuti mayi awo amwalira. Inu munayala diresi pabedi. Kenako kunabwera akuluakulu aboma n'kunena mwaulemu wonse kuti anthu sangamvetse ataona mkazi wa Mfumu akulira maliro a kutsidya, pomwe ana a anthuwo akufa kunkhondo. Masana omwewo Mfumukazi anakayendera asilikali ovulala atavala zobiriwira. Pobwerako anakugwirani pamkono mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa, n'kunena kuti, "Threlfall, watsala ndiwe. Usandisiye." Mutatiuza zimenezi munadzuka kukaika ketulo pamoto, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Diresilo Mfumukazi analivala patapita zaka zambiri, pa maliro a Mfumu. Mwambo utatha anakupatsani. Mawu awo munkawabwereza mukuseka, ife osamva chomwe chikukusekesani: "Tenga, ndi lako ili. Muli katundu wako. Wandigogoda pakakolo kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda." Bambo ankati Mfumukazi ankadandaula za mtovu. Inu munkangoti, "Eya, Edwin, mtovu."

Mutadwala munatisiyira lamulo limodzi lokha. Simunanene za nyumba kapena za nyimbo za pamaliro. Munati, "Diresi lija muziliyanika chaka chilichonse kuopa njenjete. Koma munthu asadzadule ulusi wanga ngakhale umodzi. Ndikadzamva sizasi, ndidzadzuka." Tinalonjeza tonse atatu. Kuyambira pamenepo, mwezi wa Meyi uliwonse, bokosi limatsika masitepe, diresi limapachikidwa pamthunzi kuseri kwa nyumba, madzulo bokosi limakweranso. Msana wa bambo unakana chaka chachitatu. Ntchito inatsala kwa ine.

Tsopano ndikuuzeni za a Ambrose Pell, ngakhale ndikudziwa kuti mukanandiyang'ana ndi diso lija. Pamaliro anu panali nkhalamba yaitali yomwe sitinkaidziwa, itaima kumbuyo kwa onse. Inabweranso chaka chotsatira, ndi chinacho, pasitima ya m'mawa yochokera ku Richmond, itanyamula maluwa oyera. Chaka chachinayi amayi anaiitanira tiyi. Ndi pomwe tinadziwa kuti a Ambrose ndi omwe ankapukusa mawotchi a m'nyumba yachifumu, mawotchi mazana atatu, chipinda ndi chipinda, sabata iliyonse. Anati wotchi ya m'chipinda chosokera inali yabwinobwino, koma iwo ankaipeza ndi vuto Lachinayi lililonse. "Azakhali anuwo ankadziwa," anatero. "Ankati, 'A Pell, wotchi imeneyi mudzaiphera dala tsiku lina.'"

Anatiuza kuti anakupatsani mphete, yopyapyala, ya mayi awo. Koma lamulo la nyumba ija linali lodziwika: wosamalira zovala akakwatiwa, ntchito yatha. Mphete pachala inali ngati kalata yotsanzika. Munawauza kuti adikire mumalize mpendero umodzi, kenako mukalankhula ndi Mfumukazi. Sabata imeneyo ndi yomwe uthenga wa maliro a kutsidya unafika. Lachinayi lotsatira munawauza, osakweza maso pa nsalu, kuti mphete ija mwaiponya mumtsinje wa Thames ndipo asakuvutitseninso. Anapukusa wotchi ya m'chipinda chimenecho zaka zina makumi atatu, inu muli pomwepo, moni wokha basi. Sanakwatire. Bambo amati anakwatira mawotchi, akazi mazana atatu osalongolola.

Chaka chilichonse, akamavala chipewa kuti azipita, ankafunsa funso lomwelo, mwamanyazi ngati mnyamata: "Kodi sanasiye mawu alionse? Ngakhale onditukwana?" Chaka chilichonse amayi ankayankha kuti ayi. Ankagwedeza mutu n'kumati, "Chabwino. Zimenezo ndiye Dorcas." Koma tsiku lina ali pachipata anandiuza kuti chomwe chimawasowetsa mtendere si kukanidwa. Ndi mtsinje. "Akanandibwezera m'manja, mwanawe, ndikanamva. Koma kuponya m'madzi ngati fupa la nsomba? Ndiye kuti ndinali chiyani kwa iye?"

Meyi wa chaka chino ndinayanika diresi monga mwa masiku onse. Ndinkayendetsa zala m'mpendero kufufuza njenjete, n'kumawerenga timitovu tanu mopanda cholinga, monga muja ndimalotera masana. Tonse ndi taphanthiphanthi, tofanana ngati mabatani. Kachikhumi ndi chiwiri, ka kumbuyo kwenikweni, komwe kamagunda pakakolo munthu akamayenda, sikanali kaphanthi. Kanali kozungulira, kopepuka, kobooka pakati. Ndinakhala pansi paudzu wonyowa. Ndinamva mawu a Mfumukazi ngati akulankhulira m'khutu mwanga: muli katundu wako.

Azakhali, munatipusitsa tonse. Mphete ija simukanatha kuivala pachala, m'kabati akanaipeza. Ndiye munaisokerera m'chovala chokhacho chomwe sichinkasiyana nanu, chomwe panalibe wina wololedwa kuchikhudza. Inayenda nanu m'mayiko onse aja. Ndipo mayi uja, yemwe anakulandani ukwati ndi mawu ochepa aja, anaimva ikumugogoda tsiku lomwe ankaika mwamuna wake m'manda, anadziwa chomwe chinali, n'kukubwezerani mochedwa ndi zaka makumi atatu.

Miyezi isanu ndinasunga chinsinsi chimenechi ndekha, ndipo chinandiwondetsa. Ine amene ndimakonda zinsinsi za m'mabuku sindinkadziwa kuti zenizeni zimalemera chonchi. Sizasi yanu ndinaitenga kangapo n'kuibwezanso. Kudula kunali kuphwanya lonjezo lomwe tinakupatsani muli pa bedi la imfa. Kusadula kunali kusiya nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu ndi ziwiri ipite kumanda ikukhulupirira kuti inali fupa la nsomba. Mu Okutobala kalata inafika kuchokera kwa mdzukulu wa mlongo wawo: a Ambrose sabwera chaka chino, miyendo yakana, maso azima, dokotala sakulonjeza Khirisimasi.

Ndinauza bambo. Anayang'ana mpando wanu. Kenako anati, "Iwe, azakhali ako anati tisadule. Sananene kuti diresi lisakwere sitima. Lakwera masitima ambiri kuposa tonsefe."

Loweruka lapitali ndinapita nalo ku Richmond. Ndinawapeza pampando pafupi ndi zenera, bulangete lili m'miyendo, mawotchi asanu ndi limodzi akugunda m'kachipinda kamodzi. Ndinangoyala diresi pamiyendo pawo, n'kugwira dzanja lawo, n'kuliika poyambira mpendero. Anayenda nawo pang'onopang'ono. Zala zimenezo zinagwira tizitsulo tating'ono kuposa njere ya mpunga kwa moyo wonse, sizinafune maso. Kamodzi, kawiri, katatu. Pa kachikhumi ndi chiwiri zinaima.

Anakazungulira ndi chala chachikulu, kubwereza, kubwerezanso. Mawotchi anagunda 3 koloko onse pamodzi, osasemphana ngakhale pang'ono, iwo osamva. Misozi inatsika m'makwinya mpaka pakolala. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu wopanda mpweya.

"Wabodza," anatero. "Dorcas wabodza iwe. Ndinayenda pamlatho wa Thames zaka zonsezi ndikuyang'ana m'madzi ngati chitsiru."

Ndinawafunsa ngati akufuna kuti ndiitulutse, ndipo ndikuvomereza kuti akanati inde ndikanadula, inu n'kudzuka ngati mukufuna. Anaphimba malowo ndi chikhatho. "Ayi, mwanawe, usayerekeze. Taona kasokedwe kake. Munthu sasoka chonchi chinthu chomwe sakuchifuna. Isiye pomwe anaiika."

Anagona tulo dzanja lili pomwepo, dzuwa lidakalipo. Ndinadikira mpaka sitima yanga inandisiya, ndinakwera yotsatira. Diresi ndalisiya kwa iwo mpaka tsiku lomwe sadzalifunanso. Mukhululuke ngati talakwa. Ulusi wanu uli wonse, palibe ndi umodzi womwe waduka.

Tatopa, azakhali, koma ndi kutopa kwa munthu amene watula katundu pakhomo pa mwini wake. Lero kumanda kwanu kulibe maluwa oyera ochokera ku Richmond. Tabweretsa ife, ndipo a Ambrose anatituma kuti tikuuzeni kuti wotchi ija inalibe vuto, ndipo akubwera posachedwa kudzaionanso.

Munaima kumbuyo kwa anthu ena moyo wanu wonse. Pumulani tsopano, mukhale pansi, muvule nsapato.

M'mitima mwathu munasokereramo dzina lanu ndi ulusi womwewo, ndipo palibe adzaudule.

Edwin, Winifred ndi Rosalind Threlfall, ku Ludlow, pamodzi ndi Ambrose Pell, ku Richmond