Adzukulutuvi Anu Abwera ku Chiliza

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ine Fane wanu ndili bwino, kupatula bondo lomwe lija, limene limakana masitepe a kuno ku Springburn, mu mzinda wa Glasgow, kukazizira. Ntchito yosamalira okalamba ikuyenda. Kadimba kanga kaja kandichititsa manyazi chaka chino: maungu anangotambalala masamba osabala, nkhono zinamaliza kabichi yense, koma mpiru wakana kufa, mpaka ndagawirako amayi a Mvano.

Chipitireni inu, pakhomo pawonjezeka anthu awiri. Mdzukulu wanu Tadala ndi mwamuna wake Azman, wa ku Malaysia uja munkamuti mkamwini wosaseka mokweza, ali ndi mnyamata, Idris. Mlongo wake wa Tadala, Chikondi, naye ndi mkazi wake Selam wa ku Ethiopia ali ndi mtsikana, ndipo tinamutcha Esinati, dzina lanu. Makani nawonso anatengera inu. Onse awiri ayamba kulankhula, nyumba yanga Lamulungu ili ngati msika.

Koma alongo anu, atsibweni a Yohane, andiputa. Tikukonza zodzavundukula chiliza chanu mu Ogasiti, ndiye ndinawauza pafoni kuti tikubwera tonse. Iwo akuti ana amenewa asadzaponde kumanda. Ati Idris ndi Msilamu, Esinati ndi wa kwa amake, ndipo onse pakamwa pawo pamatuluka zinthu zoti mizimu ya kwathu singamve. Anafika pondiuza kuti, “Chimalei, Chiamhariki, zonse n'chimodzimodzi, kulira kwa mbalame.” Amayi, ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero sunazizire.

Chimodzimodzi pati? Munthu sanamvepo liwu ndi limodzi lomwe, koma akuweruza. Ine zilankhulo zimenezi ndakhala ndikulimbana nazo m'basi popita kuntchito, imvi zili mbuu, ndiye ndikuuzeni ndine. Chimalei cha Azman n'chofatsa ngati mwini wakeyo. Amachilemba ndi zilembo zathu zomwezi, ndipo chimatera pa lilime mosavuta, moti ndinachiwerenga tsiku loyamba lomwelo ngakhale sindinkamva kanthu. Mwana ndi anak, akachuluka amangobwereza, anak-anak, monga ife timanenera pang'onopang'ono. Zikomo wawo ndi terima kasih, ndipo Azman akuti ndiye kuti landirani chikondi.

Chiamhariki cha Selam ndiye china, mayo ine! Chili ndi zilembo zakezake, zambirimbiri, zina zoimirira ngati timipando, zina ngati anthu atanyamula mikono. Mawu ena amaphulika pakhosi, ndipo ndikayesa Esinati amandiseka mpaka kugwa. Zikomo yekha, ameseginalehu, ananditengera dzinja lonse. Komatu ulemu uli mmenemo. “Iwe” wa mwamuna ndi wina, wa mkazi ndi wina, ndipo wamkulu ali ndi “inu” wake, monga kwathu. Selam sananditchulepo ndi “iwe” chilowereni m'banja muno, pamene ana ena obadwira konkuno, a magazi athu enieni, amandipatsa moni manja ali m'thumba.

Idris akalowa amagwira dzanja langa n'kuliika pamphumi pake, n'kuti nenek. Esinati amathamangira kupsompsona bondo lodwala lomwelo, n'kuti ayate. Onsewo akutanthauza agogo, ndipo akafuna masiwiti amadziwa kunena “agogo” weniweniyo.

Pali chinthu chimene atsibweni sakuchidziwa, ndipo ndidzawauza pamaso pa mbumba yonse. Nditabwerako ku maliro anu ndinafikira m'nyumba yozizira, mtima uli zii. Kumudzi anthu anali atabalalika kale. Amene anandikhalira pansi ndi Selam. Ankabwera tsiku ndi tsiku atavala zakuda, n'kukazinga khofi, n'kukhala nane, chifukwa kwawo wofedwa samusiya yekha. Litakwana tsiku la makumi anayi, anandiuza kuti kwawo limenelo ndi tsiku lokumbukira malemu. Azman anadabwa, nati kwawonso n'chimodzimodzi. Ndiye anaphika awiriwo, wina mpunga wa kokonati, wina mikate yawo yowawasa ija ndi nkhuku ya tsabola, n'kuitana anansi. Selam anakupemphererani m'Chiamhariki, Azman anakukumbukirani m'Chimalei, ine ndinaimba nyimbo yanu ya Mvano ndikulira. Dzina lanu linatchulidwa m'zilankhulo zitatu mu Glasgow muno, pamene alongo anu sanaimbe ndi foni yomwe.

Ndiye lero andiuze kuti simungamve? Inu amene munkagulitsa tomato pa Lizulu, kukangana mitengo ndi madalaivala a ku Mozambiki m'Chipwitikizi chothyokathyoka, n'kuwapambana? Munkati, “Khutu silisankha mlendo, wosankha ndi mtima.” Munkatinso mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanga awa oti ndi anu enieni? Tadala ndi mwana wa mwana wanu wamkazi, choncho pa mwambo wathu womwewo umene atsibweni akuutamawo, Idris ndi mbumba yawo, afune asafune. Esinati wasenza dzina lanu. Akamukaniza pamanda, ndiye kuti akaniza Esinati kuona Esinati.

Atsibweni ndimawalemekeza, ndipo ndidzawagwadira powapatsa moni monga munandiphunzitsira. Ndawagulira ndi jekete lotentha. Koma pa nkhani iyi sindibwerera m'mbuyo. Anena kuti ndikabwera ndi anawa iwo sadzakhalapo pamwambo, ndipo ndawayankha kuti mpando wawo tidzausunga. Akadzatseka njira ya kumanda, tidzaima pamsewu n'kukuitanani pomwepo, poti makutu anu sanali ogontha, munkamva ndi zonong'onezana za kuseri kwa nkhokwe.

Choncho konzekani, Amayi, alendo akubwera. Mukadzamva kadzanja kakusisita mwala wanu n'kuti nenek, ameneyo ndi Idris. Mukadzamva ayate, ndi mnzanu wa dzina. Musadzavutike kufunafuna mawu awo, mudzangowafunsa m'Chichewa kuti ali bwanji. Ndawaphunzitsa kale kugwada ndi kuyankha kuti, “Tili bwino, kaya inu agogo?”

Ndimakukondani monga kale, ndipo ndikulonjeza kuti pachiliza chanu sindidzafika ndekha.

Ndine mwana wanu,
Fane