Nkhosa Zimene Jethro Anadyetsa ku Dambo

Wokondedwa mlongo wanga Vailet,

Muli bwanji kumeneko ku Madzimoyo? Mwendo uja unasiya kutupa? Ine kuno ku Kitwe ndilipo, diso anandipala lija layamba kuona, koma mtima ndiye ukuwira. Akundilembera ndi mwana wanga Edita, ndipo ndamuuza kuti asafewetse mawu.

Tomasi, mwana wa anansi athu a Bwezani, anafika Lachiwiri ndi nkhani ya nkhosa zanga. Akuti ana a nkhosa anayi afa. Otsalawo akutsegula m'mimba, atupa pansi pa chibwano, m'maso mwayera mbee. Anabadwa mvula isanayambe, koma mpaka lero munthu angawanyamule ndi dzanja limodzi.

Pochoka ndinamuuza mwana wako Jethro kuti mvula ikagwa asapite nazo ku dambo, komanso asatsegule khola mame asanaume, chifukwa njoka za m'mimba zimakwera pa udzu wonyowa. Anaseka, nati zimenezo n'za anthu osaphunzira. Inde, m'kalasi sindinapondemo, koma zaka makumi anayi njoka sizinandipherepo nkhosa. Iye ndi sukulu yakeyo amazithamangitsira ku dambo m'mamawa kuti afulumire kwa chibwenzi ku Nabvutika. Mankhwala ndinasiya aja akuti anathirako madzi kuti akwanirenso mbuzi zake!

Pempho langa nali. Nkhosa zonse zichoke m'manja mwake, zipite kumtunda kwa a Bwezani. Iwo agule mankhwala ku Chipata, amwetse iliyonse molingana ndi thupi lake. Kamwana kowonda kuposa onse akasamale ndithu, kasafe. Kuchira kachira, koma kukula ndiye ayi, ndipo ine ndikukafuna choncho.

Nkhosa yamphongo ndinamulonjeza Jethro ya paukwati wake ija aiwale. Tsiku la chinkhoswe ndidzabwera, poti malume wake ndine. Kamwana ka nkhosa kowonda kaja ndidzakakoka pa chingwe mpaka pamaso pa apongozi ake, ndiwauze kuti mkamwini wawo amasunga chonchi chimene wapatsidwa. Adzaganize okha za mwana wawo wamkazi.

Ndikudziwa ulira, poti ndiwe mayi. Lira, koma usatume munthu kudzandipepesa, angotaya nthawi pa basi.

Moni kwa alamu, kwa azakhali a Yosefina, kwa a Bwezani ndi adzukulu onse. Jethro usamupatse.

Ndine mlongo wako,
Sankhani