Mvula Imene Satelaiti Yaona ku Shikabeta

Lachitatu madzulo, mu Januwale. Lero mtima wangolema.

Ku Lusaka akuti satelaiti yaona mvula yokwanira ku Shikabeta, choncho alimi salandira mbewu yobzalanso. Ine mlangizi wawo ndinali komweko m'mawa. Chimanga chafota, nthaka ili gwa.

Ndinaimbira abwana foni. Anafunsa, "Nanga chopimira mvula chanu chikuti bwanji, ba Tembo?"

Ndinawakumbutsa kuti kagalasi kake kanasweka kalekale, ndimapimira kakapu ka mankhwala. Anaseka, akuti kakapu sangakakhulupirire. Nanga satelaitiyo amaitsimikiza ndi chiyani, ngati si zopimira zathu zomwezi?

Amai Mwale, amene chimanga chawo chapseratu, anandifunsa, "Alangizi, mvula imene makinawo aona inagwa m'munda mwa ndani?"

Mawa adzandifunsanso.